Mmishonale wopita ku Mars

Mafilimu a m'mlengalenga akafika pa nkhani ya Mulungu amangozungulira funso limodzi: alipo kapena kulibe? Mu Contact ya 1997, Jodie Foster akusewera ngati Ellie Arroway, wasayansi amene watola uthenga wochokera ku nyenyezi ya Vega. Akufuna apite yekha akaone, koma komiti yosankha ikumusiya chifukwa wakanika kunena kuti amakhulupirira Mulungu. Mwayi utapezeka apitabe, n'kubwerako chimanjamanja, ndipo yemwe uja ankati popanda umboni sangavomere kanthu akupempha anthu kuti angomukhulupirira. Filimu yabwino, sindikana. Mu Prometheus ya 2012, Elizabeth Shaw wavala kamtanda m'khosi kukafuna amene anatilenga, n'kukapeza kuti ankakonza zotitheratu. Mu Ad Astra ya 2019, Brad Pitt akukafika mpaka ku Neptune kufuna bambo ake, kumene kulibe wina aliyense woyankha.

Onsewa amachita ngati Mulungu ndi ng'ombe yosochera, yoti tiyambe kulondola mapazi. Ine funso limenelo linanditopetsa. Lina labwino kuposa pamenepo linafunsidwa kale ku Zambia konkuno, dziko loti ukafika pa Jenda watsala pang'ono kuliponda.

Edward Mukuka Nkoloso anali mphunzitsi wa sayansi, anamenyako nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, komanso anali m'gulu lomenyera ufulu wa Zambia. Mu 1964, chaka chimene ife ndi iwo tinalandira ufulu, analengeza kuti apitirira America ndi Russia pa mpikisano wopita ku mwezi. Achinyamata ake ankawaphunzitsira pa famu ina kunja kwa Lusaka, kuwalowetsa mu dramu n'kuwagubuduza pamtsetse kuti azolowere. Anapempha UNESCO mapaundi 7 miliyoni, osapatsidwa. Atolankhani a kunja anaseka mpaka nthiti kuwawa, ndipo mpaka lero anthu amatsutsana ngati mkuluyu ankanena zoona kapena ankangowaseweretsa azungu.

Koma taonani amene anawakonzera ulendo wa ku Mars: mtsikana wa zaka 17, Matha Mwamba, amphaka awiri, ndi mmishonale. Ndipo analemba mu nyuzipepala kuti mmishonaleyo wachenjezedwa asakakamize anthu a ku Mars kulowa Chikhristu ngati sakufuna.

Mwaiona nkhaniyo? Nkoloso sankapita kukafuna Mulungu. Mulungu anali naye kale m'chikwama. Nkhawa yake inali yoti ukafika pamudzi pa eni ake uli ndi Baibulo m'manja, umakhala bwanji? Funso lotere silingabwere msanga kwa munthu wa ku Hollywood, chifukwa iye sanakhalepo mbali ya anthu ofikiridwa. Ife tinakhalapo. Kwa makolo athu, zombo zachilendo zinafikadi, zinangodzera panyanja.

Kuno ku Mzimba mbiri yake tili nayo pakhomo. William Koyi, mlaliki wachiXhosa wa mishoni ya Livingstonia, anakhazikika ku Njuyu mu 1882 pakati pa Angoni a Inkosi M'mbelwa. Anamulola kukhala, koma sukulu anakana. Anadikira mpaka 1886, pamene mvula inagwa pambuyo pa chilala Dr Walter Elmslie atapemphera, mpamene chilolezo chinatuluka. Koyi anamwalira chaka chomwecho. Kenako ku Embangweni, kumene Donald Fraser anakhazikitsa siteshoni ya Loudon mu 1902, anthu ngati Mawelera Tembo ankapeka nyimbo za m'tchalitchi pa mayimbidwe a Chingoni. Eni mudzi sanangolandira katundu monga wabwerera, anamumasula n'kumumanganso mwa iwo okha. Imeneyo si filimu ya kukumana kwa maiko awiri, eti?

N'chifukwa chake ndili ndi kadandaulo ndi Afronauts, filimu yaifupi ya 2014 ya Nuotama Frances Bodomo wa ku Ghana. Kukongola kokha ndi yokongola zedi, yakuda ndi yoyera, ndipo siifika ngakhale mphindi 15, moti bandulo yanu siilira. Bodomo anasamutsira nkhaniyi pa 16 July 1969, tsiku limene Apollo 11 inanyamuka, ndipo Matha anamupatsa Diandra Forrest, yemwe ndi wachialubino. Kwa Mmalawi, kuona gulu la amuna likuyika chiyembekezo chawo chonse pa thupi la mtsikana wachialubino kumabaya penapake, poti tikudziwa zimene abale athuwa akumana nazo m'dziko muno. Pamenepo filimuyi ikunena zoona zowawa: chikhulupiriro cha akuluakulu nthawi zambiri amalipira ndi mwana.

Koma maso ake onse ali pa Matha ndi mwezi. Mars yatsala, ndipo funso la mmishonale latsala nayo. Zimene zinali zachilendo kwambiri m'mutu mwa Nkoloso ndi zomwezo zasiyidwa panja.

Bodomo ananenapo kuti akufuna kuikulitsa ikhale filimu yaitali. Akanandifunsa, ndikanati ayambire pamene chombo chatera. Mmishonale wa ku Lusaka watsika, amphaka ali m'manja, akuluakulu a ku Mars amusonyeza pomanga kanyumba, amuuza kuti za sukulu ayambe wadikira. Chaka choyamba chatha, chachiwiri, chachitatu, ndipo ku Mars mvula siigwa.