Mabuku a ku Mandala ndi Mawu Amene Sanalembedwe

Wophunzira wochokera m'minda ya tiyi ya ku Thyolo akafika mu mzinda wa Blantyre, kawirikawiri amasonyezedwa nyumba yosanja ya Mandala, imene inamangidwa m'chaka cha 1882. Nyumbayi inali likulu la kampani ya African Lakes, yomwe inakhazikitsidwa ku Glasgow m'chaka cha 1878 ndipo oyang'anira ake oyamba anali abale awiri, John ndi Frederick Moir. Dzina lakuti Mandala linachokera ku magalasi a m'maso amene John ankavala, ndipo m'kupita kwa nthawi linafalikira ku masitolo onse a kampaniyo, kumene makolo ankagula nsalu, mikanda, mchere ndi makasu. Masitolo aja anatsekedwa kale, koma m'chipinda cham'mwamba cha nyumbayi muli nkhokwe ya mabuku ya bungwe la Society of Malawi, limene magazini yake inayamba kutuluka m'chaka cha 1948.

Malonda a Mandala anabala mabuku angapo. M'chaka cha 1891 kunatuluka A Lady's Letters from Central Africa, makalata a Jane Moir, mkazi wa Frederick, ofotokoza ulendo wake wa ku nyanja ya Tanganyika. Chaka chomwecho Monteith Fotheringham, woimira kampaniyo ku Karonga, anatulutsa Adventures in Nyassaland. Kenaka mu 1923 Frederick Moir analemba After Livingstone, mmene anasimbamo za sitima za pamadzi, za malonda a minyanga ndiponso za nkhondo yolimbana ndi Mlozi, wamalonda a akapolo.

Kunena chilungamo, mabukuwa ali ndi phindu lalikulu. Alembi ake anaona zinthuzo ndi maso awo, ndipo popanda iwo mbiri ya zaka zimenezo ikanakhala yoperewera. Nkhanza za malonda a akapolo zimene anazifotokoza sizinali zopeka ayi. Komatu wowerenga wochenjera amazindikira msanga kuti nkhani zonsezi anazisimba ndi amene ankagulitsa, osati amene ankagula. Katundu wa m'sitolo sankayenda yekha kuchokera kumtsinje wa Shire kukwera mapiri mpaka ku Blantyre. Ankasenzedwa pamutu ndi amtengatenga. Anthu amenewa amaonekamo m'mabukuwa ngati gulu chabe, ndipo zimene ankaganiza, kudandaula kapena kuseka sizimveka bwino.

Kuperewera kumeneku kumaoneka kwambiri munthu akalingalira za Thyolo. Akuluakulu anati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Wogula nsalu ankafunika ndalama, ndipo ndalamazo zinkafunikanso pokhoma msonkho wa nyumba umene boma la atsamunda linakhazikitsa. Malo ambiri achonde a m'bomali anagwera m'manja mwa Eugene Sharrer, mwini masitolo a Kabula amene ankapikisana ndi Mandala, ndipo pambuyo pake anakhala a kampani ya British Central Africa. Alomwe ochokera ku Mozambique atafika kudzafuna pokhala, anapeza kuti mtengo wa malo unali thangata, ntchito yogwirira mwini munda m'malo mwa lendi. Choncho sitolo, msonkho ndi munda wa mzungu zinali ngati mafuwa atatu ochirikiza mphika umodzi. Mkwiyo wa anthu unaphulika m'zipolowe za ku Thyolo za mu 1953, ndipo thangata linathetsedwa mwalamulo mu 1962. Mabuku a ku Mandala, amene amatamanda malonda kuti ndiwo anadzamasula dziko, sakonzekeretsa wowerenga kumvetsa zimenezi.

Njira ina yolembera mbiri ilipo. M'buku lake lotchedwa Magomero, la mu 1987, Landeg White anafufuza za mudzi wina wa m'boma la Chiradzulu pogwiritsa ntchito zolembedwa za atsamunda pamodzi ndi zokumbukira za eni mudzi. Zotsatira zake n'zakuti anthu wamba amaoneka ngati eni nkhani, okhala ndi maina, nzeru ndi madandaulo awo. Bukuli likuphunzitsa kuti zolemba za azungu oyamba aja n'zofunika kuziwerenga, koma moziyerekeza ndi umboni wa anthu amene ankazunzika.

Tsono ulendo wa ku Mandala usathere pa kusirira makoma akale ndi khonde lake. Wophunzira wa ku Thyolo ali ndi mwayi umene alembi aja analibe: amamva chiyankhulo cha othyola tiyi, ndipo kwawo kukadali agogo amene anaona thangata kapena kumva za ilo kwa makolo awo. Agogo amenewa akutha chaka ndi chaka. Ngati adzukulu awo salemba zimene akudziwa m'Chichewa kapena m'Chilomwe, nkhokwe ya mabuku ya ku Mandala idzapitiriza kusunga mbali imodzi yokha ya mlandu, ndipo mlandu womvedwa mbali imodzi suweruzika bwino.