Kodi Anabweretsa Ndani? Kuunika Buku la Murray ndi Roscoe

Nkhani ya amuna ogonana okhaokha, kapena akazi okhaokha, ikangobuka kuno kwathu, mawu amene amafulumira kutuluka pakamwa ndi akuti mchitidwewu ndi wachilendo, unabwera ndi azungu. Tinawamva mu 2010, pamene khoti la ku Blantyre linagamula anthu awiri kuti akakhale kundende zaka 14, mtsogoleri wa dziko Bingu wa Mutharika n'kuwakhululukira patangopita masiku ochepa. Tinawamvanso mu Juni 2024, pamene khoti loona za malamulo aakulu a dziko linakana kuchotsa malamulo oletsa mchitidwewu. Buku lotchedwa Boy-Wives and Female Husbands, limene Stephen O. Murray ndi Will Roscoe anasonkhanitsa mu 1998, linalembedwa pofuna kugwetsa mawu amenewa. Linasindikizidwanso mu 2021, ndipo limapezeka mwaulere pa intaneti, choncho ana athu a ku sekondale ndi ku yunivesite akhoza kulipeza ife makolo tisanalimve n'komwe.

Bukuli ndi mtolo wa zolemba za anthu osiyanasiyana: akatswiri a chikhalidwe a masiku ano, zolemba zakale za Ajeremani zimene zinamasuliridwa, ndiponso maumboni a anthu a mu Africa momwemo. Pa funso loti kodi mchitidwewu unalipo azungu asanafike, umboni wake ndi wovuta kuukana. Pakati pa Aazande, anthu a m'dera limene lero ndi South Sudan, Congo ndi Central African Republic, E. E. Evans-Pritchard anauzidwa ndi akuluakulu kuti asilikali a mfumu ankatenga anyamata ngati akazi awo, mpaka kupereka mikondo kwa makolo a mnyamatayo monga malowolo. Iye anachita kafukufuku wake pakati pa 1926 ndi 1930, mwambowo utatha kale. Ku Kano, mzinda wa Asilamu ochuluka, kuli anthu otchedwa 'yan daudu; ku Mombasa kuli otchedwa mashoga. Mayinawa si a Chingerezi. Nafenso m'Chichewa tili ndi liwu lakuti mathanyula, ndipo chiyankhulo sichipatsa dzina chinthu chimene eni ake sanachionepo.

Pali gawo lina la mbiriyi limene Msilamu ayenera kuliwerenga mofatsa. Ganizo lakuti munthu wakuda sadziwa zimenezi silinayambire m'midzi mwathu. Linayamba ndi azungu omwewo. Edward Gibbon, wolemba mbiri wa ku England wa m'zaka za m'ma 1700, analemba kuti akukhulupirira kuti anthu akuda alibe khalidweli, pamene iye sanapondepo mu Africa. Amene ankaganiza chotero sankatilemekeza ayi. Ankationa ngati anthu oyandikana ndi nyama zakutchire, amene sadziwa china koma kubereka. Ndiye atafika n'kupeza kuti mchitidwewo ulipo, anafuna womuloza chala, ndipo chalacho chinagwera Aluya ndi Asilamu. Mu bukuli muli cholemba cha Michael Haberlandt cha mu 1899 chonena za ku Zanzibar, chimene chimaika mlandu pa Aluya. Ku Buganda, Kabaka Mwanga II atapha anyamata a kunyumba yake yachifumu ku Namugongo mu 1886, ena mwa iwo chifukwa chomukana, amishoni ndi atsamunda ananena kuti khalidwelo analiphunzira kwa amalonda achiluya.

Ife a m'mbali mwa nyanja tikudziwa kulemera kwa mlandu wotere. Makolo athu ku Nkhotakota ndi ku Mangochi analandira Chisilamu kudzera m'njira zomwezo za malonda zochokera ku Kilwa ndi Zanzibar, ndipo kwa zaka zambiri chilichonse choipa chinkakankhidwira kwa Mswahili ndi Mluya. Tsono pamene shehe wathu akwera pa mimbari n'kunena kuti zimenezi zinabwera pa sitima ya azungu, wabwereka mkondo umene unasulidwira kubaya ife. Wangoutembenuza.

Chipembedzo chathu sichisowa mkondo umenewo. Qur'an yolemekezeka imasimba za anthu a Mtumiki Lut (AS) mu Surat Al-A'raf, Surat Hud ndi Surat Ash-Shu'ara, ndipo anthu amenewo sanali a ku London kapena Amsterdam. Maulamaa a mazihabu onse anayi anagwirizana kuti mchitidwewu ndi haramu, ndipo chigamulo chawo chinatsamira pa Qur'an ndi Sunnah, osati pa khungu la wochitayo kapena dziko limene anabadwira. Chikhalidwe cha makolo sichinakhalepo muyezo wathu. Makolo ankafulula mowa, ankaombeza ula, ena ankagulitsa anzawo ukapolo. Zonsezi n'zachiafirika ndithu, koma sitinazilole chifukwa choti n'zakwathu. Mwana amene timamuphunzitsa kuti chinthu n'choletsedwa chifukwa ndi chachizungu, tsiku limene adzawerenge za Aazande adzaganiza kuti chiletsocho chagwa, pamene chagwa ndi chifukwa chabodza chimene tinamupatsa.

Bukuli nalonso lili ndi zilema zake, ndipo n'zazikulu. Choyamba chili pa mutu pake penipeni. Mawu akuti akazi okhala amuna apabanja akunena mwambo wopezeka pakati pa Aigbo a ku Nigeria, Anandi a ku Kenya ndi Anuer a ku South Sudan, pamene mayi wachuma wopanda mwana wamwamuna amalowola mkazi wina kuti aberekere banjalo mlowam'malo. Mkaziyo amatenga pakati ndi mwamuna wina, ndipo anawo amawerengedwa a mayi wolowolayo. Imeneyi ndi nkhani ya ng'ombe, minda ndi dzina la mbumba. Ifi Amadiume, mayi wa Chiigbo amene analemba za mwambowu mu 1987, anakana kuti ukutanthauza akazi ogonana okhaokha. Olemba a bukuli akudziwa zimenezi, komabe amasiya khomo lotsegula ndi mawu a mwina ndi kapena, ndipo anaika mwambowo pachikuto. Wowerenga wothamanga amachoka ataona zimene umboni sunanene.

Chilema chachiwiri n'chakuti zinthu zosafanana zaikidwa m'dengu limodzi. Msilikali wa Chizande ndi mnyamata wake, mfumu yokakamiza antchito ake, mwamuna wa ku Kano wovala ndi kuyankhula ngati mkazi, atsikana a ku Lesotho okondana pa chinzawo, onsewa aitanidwa kudzachitira umboni mlandu wa ku America wa m'zaka za m'ma 1990. Ambiri mwa iwo sakanazindikira dzina limene apatsidwa. Komanso bukuli, limene limadzudzula atsamunda chifukwa cha bodza lawo, limadalira kwambiri zolemba za atsamunda omwewo pamene zikugwirizana ndi mfundo yake.

Chimene chimandivuta koposa ndi mmene liwu lakuti mwambo limaphimbira kusiyana kwa mphamvu. Ena mwa anyamata a Chizande aja anali a zaka 12. Ku migodi ya ku Joni, kumene agogo athu ambiri anapita kudzera ku Wenela mpaka Kamuzu Banda ataimitsa ulendowo ndege itagwa ku Francistown mu 1974, amuna zikwizikwi ankatsekeredwa m'makomboni opanda mabanja awo, ndipo akuluakulu ankatenga achinyamata ongofika kumene kuti aziwaphikira ndi kugona nawo posinthana ndi ndalama ndi chitetezo. Boma la Transvaal linachititsa kafukufuku pa nkhaniyi mu 1907. Kumutchula mnyamata wotereyo kuti mkazi wapabanja ndi kuyankhula chiyankhulo cha womutengayo. Pano olemba ndi ife tikulakwa mofanana: iwo samuona mnyamatayo chifukwa akufuna umboni wa ufulu, ife sitimuona chifukwa tinanena kale kuti zotere kulibe kwathu. Mwana wochitidwa nkhanza ku sukulu yogonera konko, ku ndende, ngakhale pa madrasa, adzauza ndani ngati akulu analumbira kuti zimenezi zimachitika ku Ulaya kokha?

Pa za malamulo bukuli likunena zoona zimene ambiri safuna kumva. Magawo 153 ndi 156 a malamulo athu a zilango anachokera m'buku limene atsamunda a ku Britain anakhazikitsa mu Nyasaland mu 1930. Si Shariya. Shariya ili ndi mipanda yake imene okwiya amaiwala: Surat Al-Hujurat imaletsa kufufuza zobisika za anthu ndi kuwaganizira zoipa, Surat An-Nur imaika chilango chowawa pa wonamizira mnzake chiwerewere popanda mboni zinayi, ndipo palibe mazihabu amene anapatsa gulu la anyamata a pamsika mphamvu yomenya munthu chifukwa cha kayendedwe kake. Zimenezi Murray ndi Roscoe sanazilabadire. Chisilamu m'buku mwawo chimaoneka ngati malo ongochitikirako zinthu, osati chiphunzitso chokhala ndi mfundo zake. Mashehe ndi aphunzitsi athu odziwa Chingerezi angachite bwino kuyamba ndi mutu wa Rudolf Gaudio wonena za Ahausa ndi wa Deborah Amory wonena za Aswahili, popeza anthu ofotokozedwa m'menemo amaswali Jumu'ah ngati ife.