Mimba Ziwiri, Mapiko Awiri: Luso Lopeka Centaur Wouluka

Lucretius, mlakatuli wa ku Rome amene anakhalako zaka zoposa 2,000 zapitazo, ankakana zoti padziko panakhalapo centaur, cholengedwa cha m'nthano za Agiriki chokhala ndi mutu, chifuwa ndi manja a munthu pa thupi la kavalo. Chifukwa chimene anapereka n'choti woweta aliyense angachimve. Kavalo wa zaka 3 amakhala atakhwima kale, pomwe mwana wa munthu wa zaka zomwezo nthawi zina amafufuzabe bere ali m'tulo. Pamene mnyamata akuyamba kumera ndevu, kavalo uja mphamvu zayamba kale kumuthera. Ndiye ziwirizi zikhala bwanji m'khungu limodzi?

Iye ankafuna kuthana nayo nthanoyi. Koma kwa alembi a nkhani zopeka za maiko a matsenga, zimene lero zadzaza m'mabuku, m'mafilimu ndi m'magemu, funso lakelo ndi pamene ntchito imayambira. Ndipo ntchitoyo imakula mlembi akati centaur wake akhalenso ndi mapiko.

Mapikowo ndi akalekale. Pa miyala imene Ababulo ankalembapo za malo, zaka zoposa 1,000 Khristu asanabadwe, pamapezeka woponya mivi wa thupi la kavalo, wamapiko, wokhala ndi mchira wa chinkhanira. Pa chithunzi cha nyenyezi chochokera kudenga la kachisi wa ku Dendera ku Egypt, chimene tsopano chili ku Louvre mu mzinda wa Paris, woponya miviyo alinso ndi mapiko. Koma wosema mwala alibe mlandu woti ayankhe. Mapiko ake ndi chizindikiro cha ulemerero basi, ndipo palibe amene amadikira kuti mwalawo unyamuke. Mlembi amene wanena kuti uwu ndi mtundu wa anthu, okhala ndi midzi, ana ndi maliro, wadziputira yekha mafunso.

Loyamba ndi la kulemera. Kavalo wamkulu amalemera makilogalamu pafupifupi 500, pomwe mbalame zolemera kwambiri zimene zimatha kuuluka lero, monga kori bustard ya muno mu Africa, zimathera cha m'ma 18 kapena 19. Quetzalcoatlus, chilombo chamakedzana chouluka chimene mafupa ake anapezeka ku Texas mu 1971, chinali ndi mapiko otambasuka mamita 10 kapena kuposerapo, koma akatswiri ambiri amati chinkalemera theka chabe la kavalo uja. Galileo anafotokoza kale mu 1638 kuti chinthu chikamakula, kulemera kwake kumawonjezeka msanga kuposa mphamvu ya mafupa ochinyamula.

Aliyense amene anadulapo nkhuku akudziwa fupa lopyapyala lotumphuka pakati pa chidali. Mnofu wonse wa uku ndi uku, umene timalimbirana m'mbale, ntchito yake ndi kukoka mapiko, ndipo umagwira pa fupa limenelo. Imeneyo ndi nkhuku, youluka kungofika padenga la khola. Tsono centaur ali ndi zifuwa ziwiri, ndipo zonse zili kale pa ntchito: cha munthu chikutumikira manja, cha kavalo chikutumikira miyendo yakutsogolo. Fupa la mapiko likhala pati? Ojambula ambiri amangomata mapiko pamapewa a munthu chifukwa pamaoneka bwino, ngati pa zithunzi za angelo. Amaiwala kuti katundu yense ali kumbuyo. Centaur wotero atanyamuka, thupi la kavalo lingalendewere ndipo msana ungathyokere m'chiuno. Wojambula amene waganizapo amaika mapiko pamsana wa kavalo, cha pamene pamakhala chishalo, ndipo diso limavomera ngakhale mwini disoyo sadziwa chifukwa chake.

Sindikunena kuti mlembi akhale mphunzitsi wa sayansi. Centaur sangauluke, zimenezo n'zodziwika, ndipo wowerenga analolera kale kunamizidwa pamene ankatsegula buku. Chimene salolera ndi mapiko aulere, amene mwini wake sawalipirira kanthu.

Madeleine L'Engle, m'buku lake la 1962 lotchedwa A Wrinkle in Time, anasankha kuzemba nkhani ya mafupa. Pa dziko lotchedwa Uriel, Mrs Whatsit amasandulika cholengedwa chofanana ndi centaur wamapiko n'kunyamula ana atatu pamsana. Za minofu yake sitiuzidwa, chifukwa mlembiyo akufuna tichite mantha ndi kukongola kwake, osati timuyeze pa sikelo. Koma asanakwere phiri, anawo amapatsidwa maluwa oti azipumiramo mpweya ukachepa kumwambako. Kanthu kakang'ono kameneka ndi kamene kamagwira chochitika chonse. Cholengedwacho n'cha m'masomphenya, koma mapapo a anawo ndi enieni, ndipo ife timakwera nawo limodzi chifukwa cha mapapowo.

Piers Anthony, m'mabuku ake a dziko la Xanth, anatsata njira ina. Chex, amene timakumana naye m'buku la 1987 lotchedwa Vale of the Vole, anabadwa kwa mayi wa mtundu wa centaur ndi bambo amene ndi chilombo chamapiko cha mutu wa chiwombankhanga. Mapiko ali nawo, koma thupi n'lolemera moti sanyamuka, mpaka atazindikira kuti chilichonse chimene wachikwapula ndi mchira wake chimapepuka, ngakhale iye mwini. Ena amati kumeneku n'kubera. Ine ndimati n'kubera koulula, chifukwa mlembiyo wayamba wavomereza kuti vuto lilipo. Chabwino koposa n'chakuti mapikowo ali ndi mtengo wina: ma centaur anzake amamusala pomuona ngati wamagazi osakanizika. Mabuku a Anthony ali ndi zofooka zambiri, makamaka mmene amalembera za akazi, koma pamenepa analasa.

Komabe amene anaonetsa lusoli bwino kuposa onse analemba za ma centaur opanda mapiko. C. S. Lewis, m'buku la 1953 lotchedwa The Silver Chair, amafotokoza m'ndime imodzi kuti centaur ali ndi mimba ziwiri, ya munthu ndi ya kavalo, ndipo zonse zimafuna kadzutsa. Amayamba ndi phala, nsomba, nyama ndi mazira, kenako amatuluka kukadya msipu kwa ola lathunthu, n'kumalizira ndi zakudya zina za kavalo. Choncho amadzuka kusanache, ndipo kumuitana kuti adzacheze kwanu masiku angapo si nkhani yamasewera. Onani mmene mwambo watulukira m'thupi. Lewis sanakhale pansi kuti apeke chikhalidwe. Anafunsa za mimba, ndipo mimbayo inamupatsa nthawi yodzuka, kachezedwe ndi nthabwala.

Apa m'pamene alembi ambiri amagwera. Amalemba mutu wa thupi paokha, mutu wa miyambo paokha, ngati ziwirizi sizidziwana. Timamva kuti mtunduwu ndi wonyada, umakonda ufulu, umalambira mphepo, uli ndi mfumukazi yanzeru. Mawu amenewa mukhoza kuwachotsa n'kuwamata pa mtundu wina uliwonse osasintha kanthu.

Pomwe mafunso olemera ali poyera. Mwana wa kavalo amaimirira ola limodzi kapena awiri atangobadwa, koma khanda la munthu limatha miyezi khosi lili lendelende. Khanda la centaur ndiye kuti lili ndi miyendo yofuna kuthamanga ndi mutu wosatha kudzigwira. Pamenepo payenera kubadwa mwambo: mwina chomangira khosi cholukidwa ndi agogo, mwina chikuta chotalika chimene mwana satuluka mpaka khosi litalimba. Zeuxis, wojambula wa ku Greece, anaganizapo za uchembere umenewu. Malinga ndi Lucian, amene anafotokoza chithunzi chake, Zeuxis anajambula mayi wa mtunduwu akuyamwitsa ana awiri, wina ku bere la munthu, wina ku bere la kavalo. Mukawonjezera mapiko, nkhani imakomerakomera. Abakha ndi atsekwe akuthengo amayoyola nthenga za m'mapiko zonse pa nthawi imodzi n'kukhala masabata angapo osauluka. Mtundu umene chaka chilichonse umakhala ndi nyengo yotere ungakhale ndi malamulo a nkhondo oletsa kuukirana pa nyengoyo, ndipo wophwanya lamulolo ndiye chigawenga cha m'buku lanu. Cholengedwa cholemera sichinyamuka pachidikha, chimafuna phompho ndi mpweya wotentha wokwera m'mwamba, umene miimba imadikira dzuwa likakwera. Ndiye kuti midzi ili pamapiri, msipu uli kuchigwa, ndipo wina ayenera kukweza udzu tsiku ndi tsiku, popeza kavalo amadya makilogalamu pafupifupi 10 a udzu wouma pa tsiku. Wokweza udzuyo ndani? Nkhalamba imene mapiko atopa imakhala kumwamba kapena imatsitsidwa? Chinamwali chawo n'kudumpha phompho koyamba, nanga amene waopa amabwerera kwa ndani?

Mafunso amenewa sakufuna labotale. Akufuna munthu amene anaonetsetsa nyama ikudya, ikubereka, ikukalamba, ndipo anthu otere pakati pa owerenga nkhani ino ndi ambiri. Inu amene mukulemba nkhani yanu yoyamba ya mtunduwu, musanamusankhire centaur wanu dzina kapena kujambula mapu a ufumu wake, lembani tsamba limodzi lofotokoza zimene wadya m'mawa, amene wamubweretsera, ndiponso ngati angathe kunyamuka atakhuta choncho.