Sitolo ya CLAIM ndi mphika wa pa mafuwa awiri

Munthu wofuna kudziwa m'mene mabuku a Chichewa akuyendera asavutike n'kupita ku Zomba kukafunsa akadaulo. Angolowa m'sitolo ya mabuku ya CLAIM muno mu Lilongwe, ayang'ane mashelefu, ayang'anenso anthu amene akugula. Yankho alipeza pomwepo.

Bungwe la CLAIM linayamba mu 1968, chaka chomwe Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko. Koma mizu yake ndi yakale kuposa apo, pakuti ntchito yosindikiza ndi kugulitsa mabuku m'chiyankhulo chathu inayambira ku mamishoni. Buku Lopatulika linatuluka mu 1922. Ku Nkhoma, kum'mawa kwa mzinda uno, n'kumene mphunzitsi Samuel Josia Nthara analemba Nthondo, buku lomwe linapata mphoto pa mpikisano wa ku London mu 1933, ndipo mu 1934 T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa. Sitolo ya boma ya Malawi Book Service, ija inkatumiza mabuku m'sukulu, inagwa m'zaka za m'ma 1990. Ya mipingoyi ikadalipo. Pamenepa ndiwavulire chipewa eni ake.

Nditalowamo ndinaona mitundu iwiri ya ogula. Ena ankafuna Baibulo kapena buku la nyimbo. Ena anali makolo, kapepala ka ku sukulu kali m'manja, akuwerenga maina a mabuku ngati munthu wogula mankhwala. Apa m'pamene ndikuona vuto lathu. Buku la Chichewa lakhala pa mafuwa awiri, tchalitchi ndi mayeso. Fuwa lachitatu, amene ndi munthu wogula buku chifukwa choti nkhaniyo yamukoma basi, silioneka. Nanga mphika wa pa mafuwa awiri nsima yake n'kupsa?

Tiyeni titenge Nthondo yemweyo. Ana a Fomu 4 amamuloweza kuti akhoze MSCE: anabadwa, bambo ake anamwalira, anakula ndi khalidwe lakuba, anapita kunja kukasaka ntchito, anabwerako, analowa ufumu, anatembenuka mtima. Ndiye kuti amaliza. Komatu kukoma kwa bukuli sikuli pa mndandanda umenewo. Kunena zoona, mathero ake ndi ofooka. Kutembenuka kwa Nthondo kumabwera ngati ngongole imene mlembi akubweza kwa amishoni amene anamuphunzitsa ndi kumusindikizira. Pamene Nthara ali Nthara weniweni ndi pamene akulemba za mudzi: maliro, milandu ya pabwalo, njala, mabodza a mwana wosamva. Pamenepo Chichewa chake chimayenda chokha, ndipo mnyamata wakubayo amakhala wamoyo kuposa mfumu yopempherayo. Zotere wolemba mayeso alibe nazo nthawi. Amaziona ndi munthu wowerenga mosathamangitsidwa, ali pakhonde Loweruka masana.

N'chimodzimodzi ndi Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe, Njala Bwana la Willie Zingani, kapena ndakatulo za Benedicto Wokomaatani Malunga. Ambiri tinawadziwa chifukwa aphunzitsi anatiuza kuti tiwerenge, ndipo titachoka pa sukulu tinawasiya komweko pamodzi ndi yunifolomu.

Kale tinali ndi pothawira. Lamulo loletsa mabuku la 1968 linapatsa mphamvu Censorship Board yoti izisankha zomwe tiwerenge. Buku la ndakatulo la Jack Mapanje, Of Chameleons and Gods, linachotsedwa m'masitolo, mwini wake n'kutsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991. Alembi ankalemba akuyang'ana kumbuyo. Koma tinavota pa riferendamu mu 1993, matipate anabwera, pakamwa panatseguka. Nanga lero tinamizira ndani?

Ena ati mabuku ndi odula. Ee, n'zoona, kwa mayi wogulitsa tomato mumsika waukulu wa ku Old Town buku ndi ndiwo za masiku angapo. Ine sindikunena iyeyo ayi. Ndikunena ife ogwira ntchito ku City Centre ndi ku Capital Hill, ife a ku Area 10, 12 ndi 43, amene m'nyumba mwathu muli mashelefu a mabuku a ku London ndi Johannesburg koma la Chichewa ndi Baibulo lokha. Mwana wa m'nyumba zoterezi amakula akuganiza kuti Chichewa n'choyankhulira ndi wantchito ndi kupempherera pa maliro.

Wogulitsa mabuku saika pa shelefu chinthu choti chizingodya fumbi, ndipo wosindikiza sataya ndalama pa nkhani yopanda msika. Mlembi wachinyamata amene ali ndi nkhani ya moyo wa ku Kawale kapena ku Chinsapo amadziwa kuti ikapanda kulowa pa silabasi, yafera m'kope. Choncho amalemba zokondweretsa osankha mabuku a sukulu, nkhani iliyonse n'kuthera pa phunziro la makhalidwe abwino, monga Nthara ankachitira ndi amishoni. Zaka 90 zadutsa, bwana wangosintha dzina.

Mwezi ukatha, abale anga, lowani m'sitolo ya mabuku popanda kapepala ka aphunzitsi. Funsani buku la nkhani la Chichewa. Ngati palibe, funsaninso mwezi winawo, mpaka wogulitsa atope nanu aliitanitse.