Zilembo zojambula lilime

Mwana wa Sitandade 1 ku Nselema akamasokoneza "pala" ndi "phala", mankhwala ake n'chikhatho. Achiike pafupi ndi milomo: pa "phala" kampweya kamawomba dzanja, pa "pala" kuli zii. Ife kampweyako timakalemba ndi h. Anthu a ku Korea anakaganizira mozama kuposa pamenepo.

M'chaka cha 1443 Mfumu Sejong inakonza zilembo zomwe lero zimatchedwa Hangul, ndipo zinalengezedwa mu 1446 m'buku la Hunminjeongeum. Nthawi imeneyo anthu ankalemba ndi zilembo za Chitchaina, zikwizikwi, zimene mlimi wamba analibe nthawi yoziloweza. Luso la Sejong linali lakuti chilembo chizikhala chithunzi cha zomwe m'kamwa mukuchita.

Tanenani "na", koma muime pa n. Nsonga ya lilime yakwera, yagunda nkhama kuseri kwa mano a m'mwamba. Mutaliona cham'mbali lilimelo, lapindika chonchi: ㄴ. Ndiye n wawo ameneyo. Tsopano nenani "ka". Apa lakwera ndi tsinde la lilime, n'kutseka njira cha kukhosi, ndipo chilembo chake chapindikira kwina: ㄱ. Milomo inapatsidwa ㅁ, dzino ㅅ, mmero kabowo kozungulira, ㅇ. Zisanu basi, makonsonanti ena n'kumera pa izi.

Kameredwe kake ndiko kokoma. Pa ㄴ onjezani kamzere pamwamba, mwapeza ㄷ, pafupifupi t wathu. Lilime lili pomwe paja, koma mpweya watsekeka. Onjezaninso kena, mwapeza ㅌ, th wa pa "thumba". Momwemonso ㄱ amabala ㅋ, ngati "kola" ndi "khola", ndipo ㅈ ndi ㅊ akufanana ndi ch ndi tch. Mchewa angazigwire msanga zimenezi, pakuti khutu lake linazolowera kale. Nanga mu b ndi d, zomwe ana amazitembenuza tsiku ndi tsiku, muli chiyani chouza mwana kuti uyu ndi wa milomo, uyu wa lilime? Mulibe.

Pa zilembo 28 zoyambirira, lero zikugwira ntchito 24. Kuno kwathu Nolence Mwangwego anayenda njira yoyandikira: m'zilembo zake, zomwe anazikhazikitsa mu 1997, kampweya kaja ndi kam'mphuno ka pa "mb" ndi "nd" zili ndi tizizindikiro tawotawo, tongophatikiza pa chilembo chimodzi. Koma Sejong anali ndi mpando wachifumu, pomwe a Mwangwego akhala akuphunzitsa anthu mwa okha.