Mafupa ndi athu, nkhani ndi ya mlendo

Ndangomaliza kuwerenga Quest for the African Dinosaurs, buku la Louis Jacobs la 1993. Bamboyu kulemba amatha, tisaname. Akamafotokoza zofukula mafupa a dinosaur kuno ku Karonga, umachita kumva fumbi kukhosi. Mafupa ake ndi a chinyama chija timachitcha Malawisaurus.

Koma pali pomwe sindinakhutire. Nkhani yonse ikuyenda ndi maso a mlendo, m'Chingerezi. Paja mlendo ndi mame. Nanga ife a ku Vinthukutu talembapo chiyani? Ku Uraha, pafupi pompa, mu 1991 anatola chibwano cha munthu wakale cha zaka zoposa 2 miliyoni. Ndakatulo zathu ndi nyanja ndi chikondi basi.

Zotsatira zake, mnyamata akatola mwala wachilendo m'nkhalango ya boma amangoganiza za wogula. Palibe nthano yomwe inamuuza kuti fupa lakale ukalizula mwachisawawa, dothi lomwe likanatiuza zaka zake limatsala.

Bukuli liwerengeni ndithu. Jacobs analemba zomwe anaona. Nkhani ya agogo omwe ankalima pamwamba pa mafupawo sakanailemba iyeyo, imeneyo ndi ntchito yathu.