Lumo lisamagwe paliponse pogunda ng'oma

Ophunzira akapatsidwa ntchito yojambula vidiyo ya nyimbo, mkangano woyamba umakhala wa zida: kamera tibwereka kwa yani, nanga drone tiipeza kuti? Nyimbo amangoimvera kawiri, basi ulendo wa kunyanja. Pobwerako amatula kwa mkonzi mulu wa zithunzi zosadziwana, ndipo iye, posowa pogwira, amazimata ndi zokometsera za mu CapCut: apa kuthwanima, apo kunjenjemera. Anthu amanyoza mkonziyo, chonsecho ntchito inaonongeka tsiku lomwe gulu linanyamuka lopanda pepala m'manja.

Kudula zithunzi kuli ndi masamu ake. Nyimbo yogunda ka 120 pa mphindi imagunda kawiri pa sekondi. Ngati kamera ikujambula mafuremu 25 pa sekondi, kugunda kulikonse kumadya mafuremu 12 ndi theka. Wophunzira akangotulukira zimenezi amasangalala, amaika chizindikiro pa kugunda kulikonse mu DaVinci Resolve kapena Premiere Pro, n'kumadula pomwepo osaphonya. Poyamba zimakoma ndithu. Koma posakhalitsa diso limadziwiratu pomwe lumo ligwere, ndipo limaleka kuyang'ana. Mkonzi afanane ndi woimba ng'oma wodziwa, amene sagogomeza ponseponse koma amasiya mpata woti wovina alowemo.

Walter Murch, yemwe analandira mphoto ziwiri za Oscar chifukwa cha filimu ya The English Patient, anasanja zifukwa zisanu ndi chimodzi zodulira chithunzi m'buku lake la In the Blink of an Eye. Kukhudza mtima anakupatsa 51 peresenti, nkhani 23, ndipo mayendedwe a nthawi 10 yokha. Iye ankanena za mafilimu, ndipo pa vidiyo ya nyimbo ine 10 ameneyo ndingamuonjezere. Komabe mfundo yake ndi yoona: ngati woimba watsala pang'ono kutsegula maso pa mzere wowawa, msiyeni awatsegule, ng'oma igunde ipite.

Mu 2006 gulu la ku America la OK Go linatulutsa vidiyo ya "Here It Goes Again": anthu anayi akuvina pa makina asanu ndi atatu othamangirapo, kamera itangoima, osadula ngakhale kamodzi. Inapata mphoto ya Grammy mu 2007. Ntchito ya lumo anaigwiriratu poyeserera, posankha amene alowe, alowere mbali iti, pa mzere uti. Ophunzira osowa ndalama atengerepo phunziro, pakuti chimene chinadya zambiri pamenepo ndi nthawi ndi thukuta.

Pepala lija lilembedwe ndi khutu. Gawani nyimbo m'zigawo zake, poyambira, vesi, kolasi, n'kulemba nthawi yomwe chilichonse chikuyamba. Pambali pa chigawo chilichonse lembani chimene woonera aone, ndi chimene mukumubisira mpaka kolasi yomaliza. Ambiri amawononga apa: chithunzi chawo chokongola kwambiri amachionetsa m'masekondi khumi oyamba, kenako n'kumangochibwereza. Tsiku lojambula, woimba aimbe nyimbo yonse katatu, kamera ili patali, pakati, ndi pafupi ndi nkhope, ndipo aziimba motulutsa mawu, chifukwa khosi la wongogwedeza milomo limamuulula. Sipika iziimba nyimbo yomweyo imene ikalowe pa kompyuta. Wofuna zithunzi zoyenda pang'onopang'ono milomo ikugwirizanabe ndi mawu ajambule mafuremu 50 pa sekondi, nyimbo ataithamangitsa kawiri. Pokonza akaibweza pa 25, zonse zimakumana.

Vidiyo ikatha, muzimitse mawu n'kuionetsa mnzanu amene sanakhale nawo pojambula. Akuuzeni yekha pomwe akuganiza kuti kolasi yafika. Akaloza malo olakwika, bwererani pa chigawo chimenecho, muchotse zothwanima zija, muone ngati pansi pake pali chithunzi choti n'kuima pachokha masekondi anayi.